Chigayo Chikamalira, Mverani Chimene Chikunena

M'chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba, anthu a mu Lusaka anaphunzira kugona khutu limodzi lili tcheru. Magetsi a ZESCO ankabwera kwa maola ochepa okha, nthawi zina pakati pa usiku, ndipo aliyense wodalira makina ankadzuka nthawi yomweyo kuti agwire ntchito asanazimenso. Ku Libala, kumene nyumba zinamangidwa moyandikana, mwini kachigayo akayatsa mota usiku wotere msewu wonse unkadzuka naye. Khanda la kuseri kwa mpanda linkalira, wodwala ankatembenuka pa mphasa, ndipo m'mawa anthu opemphera mumpingo umodzi ankapatsana moni wouma.

Ambiri mwa inu amene munaphunzira pano simunabwerere kumudzi. Ena mukuweta nkhuku kuseri kwa nyumba ku Libala, Kabwata, Chilenje ndi Chelstone, ndipo mwagula kachigayo koti muzipera nokha chimanga, soya ndi mpendadzuwa kuti chakudya cha ziweto chisakudyereni phindu. Ena muli ndi matanki a tiana ta nsomba amene amafuna mpweya usana ndi usiku. Makina onsewa ali ndi chiwalo chimodzi chofanana, chokankha mpweya, chimene amisiri amachitcha fani kapena blower. Chiwalo chimenechi chimabweretsa gawo lalikulu la phokoso limene anansi amadandaula nalo, ndipo nkhani ino ikufotokoza kumene phokosolo limachokera, zimene limawononga, ndi momwe mlimi angalichepetsere popanda kugulitsa mbuzi zake zonse.

Phunziro la mvukuto

Makolo athu osula makasu ankaudziwa bwino mpweya. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi sutulutsa mpweya mosalekeza: ukaupanikiza umapuma, ukaukweza umaleka. Moto umawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala. N'chifukwa chake wosula ankagwiritsa ntchito mivukuto iwiri, dzanja lina likatsika lina likukwera, kuti befu la wina likwiriridwe ndi mpweya wa unzake. Anali atazindikira kuti mpweya wodukizadukiza ndi wosathandiza, ndipo mankhwala ake ndi kuugawa m'timagawo tambiri tating'ono totsatizana.

Makina a lero ali ndi vuto lomwelo, kungoti befu lake ndi lothamanga kwambiri moti diso silingaliwone. Khutu lokha ndilo limalimva. Pa chigayo cha mahamala, chimanga chikaphwanyidwa n'kudutsa m'sefa, fani imayamwa ufa pamodzi ndi mpweya n'kuuponya m'paipi yopita ku saikuloni, chitini chija chosongoka pansi chimene chimalekanitsa ufa ndi mpweya. Fani ndi gudumu la mapiko lozungulira m'kati mwa chibokosi chooneka ngati chigoba cha nkhono. Pamene chigobacho chikutsegukira ku paipi pali mlomo wachitsulo umene amisiri amautcha lilime. Phiko lililonse likamadutsa pa lilimelo, mpweya umapanikizika kamphindi n'kumasukanso. Kumeneko ndiko kugunda kumodzi.

Tiwerengere pamodzi. Fani ya mapiko 6 yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi imazungulira maulendo 50 pa sekondi. Maulendo 50 kuchulukitsa ndi mapiko 6, ndiye kuti mpweya ukugundidwa ka 300 pa sekondi iliyonse. Kugunda kotereku khutu limakumva ngati kulira kumodzi kosalekeza, kuja kumene kumamveka patali ngakhale phokoso la mahamala litatsekerezedwa ndi makoma. Kulira kwa liwu limodzi kotereku kumasautsa anthu kuposa mkokomo wamba wa mphamvu yofanana, monga momwe udzudzu umodzi umalandira tulo kwa munthu amene amagona bwinobwino mvula ikugunda pa malata.

Pali mtundu wina wa blower umene mudzaupeza pa malo osungira nsomba zambiri ndi m'zigayo zazikulu zimene zimayendetsa ufa m'mapaipi. Umatchedwa Roots, dzina la abale awiri, Philander ndi Francis Roots a ku Connersville m'chigawo cha Indiana ku America, amene analembetsa luso lawo m'chaka cha 1860. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zooneka ngati nambala 8 zimene zimazungulira moyang'anizana osakhudzana. Chilichonse chimatapa mpweya mbali ina n'kukautula mbali inayo, monga munthu wotunga madzi ndi chikho. Koma kumene mpweyawo ukukatulidwa kuli kale mpweya wopanikizika, choncho kathumba kakangotseguka, mpweya wa m'paipi umayamba wabwerera m'mbuyo mwamphamvu usanakankhidwenso kutsogolo. Zimenezi zimachitika kanayi pa kuzungulira kumodzi. Pa liwiro la maulendo 1,500 pa mphindi, paipi imamenyedwa ka 100 pa sekondi. Opanga makina a masiku ano amapanga zitsulo za nsonga zitatu m'malo mwa ziwiri, ena amazipotokola ngati chingwe, kuti kugunda kukhale kochuluka koma kofooka. Ndi nzeru yomwe ija ya mivukuto iwiri.

Zimene phokoso limadya

Kukula kwa phokoso kumayezedwa ndi muyeso wotchedwa decibel. Anthu awiri ocheza pakhonde amafika pafupifupi 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa 85 kwa munthu wogwira maola 8 pa tsiku. Muyesowu suyenda ngati wa sikelo ya chimanga: mukawonjezera 3 yokha, mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri, ndipo nthawi yoti munthu akhale pamenepo mosavulala yatsika ndi theka. Pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2, pa 94 ndi ola limodzi, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Chigayo cha mahamala chopera m'kanyumba ka malata nthawi zambiri chimapitirira 90. Ngati mulibe chipangizo choyezera, yesani motere: imani motalikirana ndi mnzanu mkono umodzi. Ngati muyenera kukuwa kuti akumveni, malowo adutsa malire.

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, kokhala ndi timaselo tosaoneka ndi maso tokhala ngati ubweya. Timeneti ndito timasandutsa kunjenjemera kwa mpweya kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatigonetsa ngati mapira owombedwa ndi mphepo. Poyamba timadzukanso: mnyamata wa pachigayo amaweruka makutu akulira ngati muli nyenje, mawu a anthu akumveka ngati achokera m'mtsuko, koma kukacha amakhala bwino. Zikachitika tsiku ndi tsiku, timaselo tija timafa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe jakisoni kapena mankhwala a zitsamba otibwezeretsa. Chakudza sichiimba ng'oma: ugonthi wotere supweteka, sutulutsa magazi, umangobwera pang'onopang'ono. Choyamba kutayika ndi mawu opyapyala, choncho munthu amamva kuti wina akulankhula koma osagwira mawu ake, makamaka pagulu. Amayamba kukhala kutsogolo m'tchalitchi, kenaka amaleka kuyankha pa msonkhano wa kwaya, ndipo abale amamuyesa wamwano.

Makina nawonso amadyeka. Mpweya wogundagunda umagwedeza paipi mpaka zowotcherera zimang'ambika, mabauti amamasuka, ndipo ufa umayamba kutuluka m'ming'alu. Ufa umene mumauona pa nsidze za wogaya ndi pa mitanda ya denga ndi wa kasitomala kapena wa nkhuku zanu. Kunjenjemera kumapha mabering'i msanga. Mphamvu iliyonse yogwedeza khoma yalipiridwa pa mita ya ZESCO kapena pa dizilo. Pali chikhulupiriro chakuti chigayo chobangula ndiye champhamvu. Si choncho. Chigayo chabwino chimalira liwu limodzi losalala, ndipo likasintha mwini wake ayenera kufunsa chifukwa.

Chachitatu chimene phokoso limadya ndi ubale. Dziko la Zambia lili ndi lamulo la chilengedwe, Environmental Management Act la 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, ndipo phokoso lili m'gulu la zowononga zimene lamuloli limayang'anira. Khonsolo ya mzinda wa Lusaka nayo imalandira madandaulo a anthu ndiponso ndiyo imapereka zilolezo za malonda. Amene akufuna kuika chigayo pa malo okhala anthu ayambe wafunsa kumeneko asanathire simenti. Koma kwa ife ophunzira pa malo a mpingo, nkhaniyi iyenera kutha isanafike ku ofesi. Mnansi amene mwamulanda tulo ndi yemwe adzathamange ndi ndowa tsiku limene khola lanu lidzagwire moto.

Yambani pa gwero

Njira zochepetsera phokoso zili m'magulu atatu, ndipo dongosolo lake ndi lofunika: choyamba konzani pamene phokoso likubadwira, chachiwiri tsekerezani njira imene limadutsa, chachitatu tetezani khutu. Ambiri amayambira kumapeto, kapena sayamba n'komwe.

Musanatsegule chilichonse, zimitsani magetsi pa switchi yaikulu ndipo dikirani gudumu liime lokha. Kenaka yang'anani mapiko a fani. Ufa wa chimanga chosauma bwino umamatirira pa mapiko, ndipo sumatirira mofanana. Kachibuma kolemera ngati kabokosi ka machesi, kakamazungulira ka 50 pa sekondi, kamakoka shafuti ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kambirimbiri. Palani mapiko onse mpaka chitsulo chioneke. Chimanga chouma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti, muyeso umene a Food Reserve Agency amafuna pogula, sichimata chotere ndipo chimapereka ufa wosachedwa kutuluka m'sefa. Phiko likapindika kapena kudyeka, musawotcherere kachitsulo mbali imodzi yokha. Pitani nalo gudumu lonse kwa mmisiri woti aliyeze kuti lilemere mofanana mbali zonse.

Chimodzimodzinso mahamala. Akatha mbali imodzi, atembenuzeni onse tsiku limodzi, ndipo aliyense abwerere pa malo ake. Posintha, sinthani gulu lonse, ndipo magulu oyang'anizana alemere mofanana pa sikelo. Hamala imodzi yatsopano pakati pa akutha imavinitsa chigayo chonse.

Mverani mabering'i. Bering'i yabwino imangoti sii. Yakutha imakukuta ngati mphero ya mwala ndipo imatentha moti dzanja silikhalapo. Ikani girizi pa nthawi yake, koma musadzaze mopitirira, pakuti girizi wochuluka nayenso amatenthetsa. Malamba akhale olimba pang'ono, osati olendewera kapena okokedwa ngati nsinga ya uta, ndipo mapule awiri ayang'anizane bwino. Chingwe chokokedwa m'mbali mwa mapule chidzakuuzani ngati apendama. Chotchingira malamba chibwerere pa malo ake ndipo chimangidwe zolimba, chifukwa chikamasuka chimalira chokha.

Chenjerani ndi liwiro. Pali amisiri a m'misika amene amalangiza kusintha pule kuti chigayo chithamange, ati kuti chizipera msanga. Malamulo a fani ndi ouma mtima. Mukawonjezera liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 10, mpweya umawonjezereka ndi gawo lomwelo, koma mphamvu imene fani imafuna kwa mota imakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo phokoso limakwera ndi ma decibel awiri. Mukatsitsa liwiro ndi theka, phokoso la fani limatsika ndi pafupifupi 15. N'chifukwa chake fani yaikulu yoyenda pang'onopang'ono imakhala yachete kuposa yaing'ono yothamanga, ngakhale zonse zikukankha mpweya wofanana. Pa zigayo zing'onozing'ono zambiri fani ili pa shafuti imodzi ndi mahamala, choncho simungaichedwetse popanda kuchedwetsa kupera. Chofunika ndi kusunga liwiro limene wopanga analemba pa kachitsulo ka makinawo.

Pogula chigayo chopangidwa ndi amisiri a kuno, suzumirani m'chigoba cha fani muone mpata wa pakati pa nsonga za mapiko ndi lilime lija. Mpata ukachepa kwambiri, kugunda kumakula ndipo fani imalira ngati wenzulo. Mpata wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa gudumu, ndiponso lilime lozungulira m'malo mwa lakuthwa, zimafewetsa kulirako.

Mpweya upatseni njira

Fani imafuna kupuma momasuka. Thumba la nsalu la pamwamba pa saikuloni likatsekeka ndi fumbi, kapena sefa ikatsekeka, mpweya umasowa kolowera. Pamenepo mudzamva chigayo chikuchita befu, kulira kukukwera n'kutsika, thumba likufufuma n'kuphwa, ndipo ufa umatuluka wotentha. Kunthani thumbalo tsiku lililonse ndipo lichapeni likalimba. Paipi ikhale yaifupi, yosacheperapo kukula kwa khomo la fani, ndipo pokhota pakhale pozungulira bwino osati pa ngodya yakuthwa. Pewani kukhotetsa paipi pakhomo penipeni pa fani. Thirani chimanga mosadukiza. Kukhuthula thini lonse kamodzi n'kusiya chigayo chikuzungulira chopanda kanthu kumachititsanso befu lomwelo.

Kwa a nsomba amene muli ndi Roots, pali chenjezo lapadera. Makina amenewa amatapa mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, kaya njira ndi yotseguka kaya ndi yotsekeka. Mukatseka valavu ya kutsogolo pofuna kuchepetsa mpweya kapena phokoso, mpweya umapanikizika, makina amatentha, ndipo zitsulo zija zimatha kukhudzana n'kumangika. Valavu yotetezera, yotulutsa mpweya ukachuluka, isachotsedwe kapena kumangidwa ndi waya. Pakhomo lolowera ndi lotulukira mpweya pamafunika sailensa, ndipo iikidwe pafupi kwenikweni ndi makinawo. Masailensa ali mitundu iwiri. Wina ndi chitini cha zipinda m'kati, ngati wa galimoto, mmene mpweya umafutukuka n'kudzigunda wokha mpaka befu litafooka. Ameneyu amathandiza pa mkokomo wonenepa wa Roots. Wina ndi paipi yoboolaboola yokutidwa ndi zofewa zomeza phokoso. Ameneyu amathandiza pa kulira kopyapyala kwa timablower tozungulira timene ambiri amagula pa matanki ang'onoang'ono. Koma zofewa zoterezi zisaikidwe m'njira yodutsa ufa. Zimanyenyekera m'chakudya, zimasunga nankafumbwe ndi nkhungu, ndipo fumbi la ufa louma limagwira moto mosavuta.

Dulani njira ya phokoso

Phokoso limayenda m'njira ziwiri: mumpweya ndi m'zinthu zolimba. Chigayo chomangidwa pa thabwa kapena pa simenti yopyapyala yolumikizana ndi maziko a nyumba chimatumiza kunjenjemera m'nthaka mpaka makapu a mnansi amalira m'kabati. Chimangireni pa chibuma chakechake cha konkire, cholemera kuposa makinawo, chosakhudzana ndi makoma. Pakati pa miyendo ya makina ndi konkire ikani mphira wochindikala, monga zidutswa za thayala kapena za lamba wakale, ndipo mabauti nawonso akhale ndi mphira pansi pa mawashala. Mota ndi chigayo zikhale pa felemu imodzi kuti malamba asamasuke. Pakati pa fani ndi paipi ikani kachidutswa ka tenti kapena ka mphira m'malo molumikiza chitsulo ku chitsulo. Ndipo musamangirire paipi kapena saikuloni ku mitanda ya denga, chifukwa malata amasanduka ng'oma yaikulu yolengeza mudzi wonse.

Phokoso la mumpweya limatchingidwa ndi zinthu zolemera. Khoma la mabuloko lopakidwa pulasitala limagwira ntchito kuposa malata kapena matabwa. Koma phokoso lili ngati madzi, limapeza kabowo. Mpata wa pakati pa khoma ndi denga, kapena zenera loyang'ana kuchipinda chogona cha mnansi, zimawononga ntchito ya khoma lonse. Khomo ndi mazenera ziyang'ane kumene kulibe nyumba. Komabe musatseke kanyumba konse: mota imafuna mphepo yoiziziritsa, wogaya amafuna mpweya wopanda fumbi, ndipo utsi wa injini ya dizilo m'chipinda chotseka umapha. Siyani mipata ya mphepo, koma kutsogolo kwake mangani kakhoma kuti mpweya uzikhota polowa. Mtunda nawo ndi mankhwala: pabwalo, mukawirikiza kawiri mtunda wochoka pa makina, phokoso limatsika ndi ma decibel 6. Pa puloti yaing'ono ya ku Libala, kusuntha chigayo kuchoka pa mpanda kungakhale kusiyana kwa mtendere ndi mlandu.

Tetezani khutu

Mutachita zonsezi, pafupi ndi chigayo padzakhalabe phokoso loposa malire. Aliyense wogwira ntchito m'menemo avale zotsekera m'makutu za siponji kapena zophimba makutu onse, zimene zimapezeka m'masitolo ogulitsa zovala zodzitetezera pantchito m'tauni. Za siponji muzizipota ndi zala zoyera, kukoka khutu m'mwamba, kuzilowetsa, n'kudikira kuti zifufume. Thonje, pepala kapena mahedifoni a nyimbo siziteteza. Kuzivula kwa kanthawi makina akulira kumachotsa gawo lalikulu la chitetezo cha tsiku lonse. Ngati muli awiri, muzisinthana. Makasitomala, makamaka amayi obereka ana kumbuyo, adikire panja pamthunzi. Lamulo la Occupational Health and Safety Act limaika udindo wa umoyo wa wantchito pa womulemba ntchito, ngakhale wantchitoyo ndi mphwanu. Amene makutu ake amalira usiku, kapena amene amapempha anthu kubwereza mawu kawirikawiri, akayezetse ku chipatala cha UTH, kumene kuli madokotala a makutu. Zimene zatayika sizibwerera, koma zotsala zingapulumutsidwe.

Chomaliza sichifuna sipanala. Pitani kwa anansi anu musanayambe kugaya, muwauze masiku ndi maola amene mudzayatsa, ndipo muwafunse nthawi imene ana amagona kapena ngati m'nyumba muli wodwala. Tsiku lina chigayo chikulira, pemphani kulowa m'bwalo lawo mumve zimene iwo amamva. Magetsi akabwera usiku ndipo simungachitire mwina, munthu amene munamuuziratu amapirira mosiyana ndi amene mwamudzidzimutsa.

Sabata ino, musanathire thini loyamba, yatsani chigayo chopanda kanthu n'kuima mphindi imodzi kumvetsera. Ikani dzanja pa felemu, pa khoma, ndi pa chitseko. Lembani m'kope lanu la pafamu zimene mwamva, monga momwe mumalembera mazira ndi matumba a chakudya, ndipo mubwerezenso mwezi wamawa. Amene muli pa maphunziro pano, bwerani ndi mafunso anu ku phunziro la makina. Tidzatsegula fani pamodzi kuti aliyense alione lilime lija ndi maso ake.